Zikalata zathu zisamatsekulidwe ndi kiyi wa kampani imodzi

Aliyense amene anafunsirapo ntchito, malo a maphunziro kapena kontirakiti mu mzinda wa Lilongwe m'zaka zaposachedwapa anakumanapo ndi chiganizo chimene chimabwera kumapeto kwa chidziwitso, chonena kuti kalata ndi mbiri ya wofunsirayo zitumizidwe mu Word, kapena kuti mitengo ilembedwe mu fomu ya Excel imene ofesiyo yapereka. Chiganizochi tinachizolowera kotero kuti maso athu amangochidumpha, koma katundu amene chasenza ndi wolemera. Ofesi imene yalemba mawu amenewa ikuuza munthu kuti asanalankhule nayo ayambe wapeza malonda a kampani imodzi ya ku America, ndipo popeza Amalawi ambiri sangakwanitse kugula malondawo, ikumutuma mwakachetechete kuti akafune kope lakuba. Kampani ya munthu payekha ikhoza kuchita zimenezi ngati yafuna, pakuti imeneyo ndi nkhani ya iyo ndi makasitomala ake. Koma maofesi a boma, makhonsolo, masukulu a boma ndi mabungwe oyendetsedwa ndi misonkho alibe ufulu wotero. Maganizo anga ndi akuti ntchito yodziwitsa anthu za mitundu yotseguka ya mafayilo ndi mapulogalamu aufulu iyenera kuyambira pamenepa, pa fayilo imene nzika imatumiza ndi kulandira, mikangano ya akatswiri yolimbirana kuti pulogalamu yabwino koposa ndi iti ibwere pambuyo.

Chinthu chimene anthu ambiri sanauzidwepo n'chakuti pulogalamu ndi mtundu wa fayilo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pulogalamu ndi chida chimene munthu amalembera, pamene mtundu wa fayilo ndi dongosolo limene mawu, manambala, matebulo ndi zithunzi zimasanjidwira mkati mwa fayiloyo kuti kompyuta idzathe kuziwerenganso tsiku lina. Zilembo zimene zimakhala kumapeto kwa dzina la fayilo, monga .doc, .docx, .odt kapena .pdf, ndizo zimasonyeza dongosololo. Dongosolo likakhala lachinsinsi, lodziwika bwino kwa kampani imene inalipanga yokha, mwini chikalata amafanana ndi mlimi amene chimanga ndi chake, nkhokwe ili pakhomo pake, koma kiyi akusunga munthu wina amene amafuna malipiro chaka ndi chaka ndipo akhoza kusintha loko tsiku limene wafuna. Umu ndi mmene zinalili ndi .doc ndi .xls kwa zaka zambiri. Microsoft, kampani imene imapanga Word ndi Excel, inatulutsa tsatanetsatane wa mitundu imeneyi poyera kwa aliyense mu 2008, ndipo nthawiyi isanakwane opanga mapulogalamu ena ambiri ankachita kufufuza okha, kuyesa ndi kulakwitsa, kuti amvetse za mkati mwake. Mtundu wotseguka uli ndi dongosolo lolembedwa poyera, limene aliyense akhoza kuliwerenga ndi kupanga pulogalamu yolitsatira popanda kupempha chilolezo kapena kulipira, ndipo kusintha kwake kumakambidwa m'bungwe limene makampani ndi anthu osiyanasiyana ali ndi mawu.

Pa zikalata za mu ofesi, mtundu wotseguka wodziwika kwambiri ndi OpenDocument, umene mwachidule umatchedwa ODF. Bungwe la OASIS, limene limakonza miyezo ya za makompyuta, linauvomereza mu 2005, ndipo mu 2006 unalandiridwa ngati muyezo wa mayiko onse pansi pa nambala ya ISO/IEC 26300. Kalata imasungidwa ngati .odt, matebulo owerengera ndalama ngati .ods, ndipo zoonetsa pamsonkhano ngati .odp. Amene akufuna kuona za mkati akhoza kudziyesera yekha: atenge fayilo ya .odt, asinthe mathero a dzina lake kuti akhale .zip, kenako aitsekule. Apezamo timafayilo tingapo, ndipo kamodzi kotchedwa content.xml kali ndi mawu onse amene analemba, atazunguliridwa ndi zizindikiro zimene tanthauzo lake linafotokozedwa m'buku la muyezowo. Ngakhale mapulogalamu onse amene tikugwiritsa ntchito lero atadzatha, wophunzira wa payunivesite wa m'zaka makumi asanu zikubwerazi akhoza kudzawerenga bukulo n'kulemba pulogalamu yatsopano yotsekulira chikalatacho. Ndipo kusankha ODF sikukakamiza munthu kusiya Word ngati amaikonda ndipo anaigula, chifukwa Word yomweyo yakhala ikutsekula ndi kusunga mafayilo a ODF kuyambira mu 2009, monganso amachitira mapulogalamu ena olembera zikalata monga LibreOffice, Google Docs ndi Collabora Office ya pafoni.

Wina anena kuti .docx nayonso ndi muyezo wa mayiko onse, ndipo sakunama. Mtundu umenewu, umene dzina lake lonse ndi Office Open XML, unavomerezedwa ndi bungwe la Ecma mu 2006 ndipo mu 2008 unakhala ISO/IEC 29500; ukautsekula ngati .zip upezamonso timafayilo towerengeka, ndipo n'zoona kuti ndi wabwino kuposa .doc yakale. Komabe mbiri yake ili ndi zipsera zimene wolemba malamulo a boma ayenera kuzidziwa. Buku lofotokoza mtunduwu linapitirira masamba 6,000, linadutsidwa mwa njira yachangu, ndipo mayiko a South Africa, Brazil, India ndi Venezuela anachita apilo yotsutsa mmene nkhaniyo inayendetsedwera, ngakhale kuti apiloyo sinaphule kanthu. Chachikulu kuposa apo n'chakuti muyezowu uli ndi nthambi ziwiri, ina yokhwima yotchedwa Strict ndi ina yotchedwa Transitional imene inasunga makhalidwe ambiri a mapulogalamu akale a Microsoft, ndipo munthu akangodina posungira osasintha kanthu, Word imasunga mu nthambi yachiwiriyi. Zotsatira zake n'zakuti mapulogalamu ena onse amakhala akuthamangitsa m'mbuyo kampani imene ndiyo ikudziwa bwino njira, ndipo fayilo ikasokonekera mlandu umagwera wothamangitsayo.

N'chifukwa chiyani tsono nkhaniyi siimveka kuno kwathu? Yankho lili m'mashopu a makompyuta a ku Old Town ndi m'timaofesi ta anyamata okonza makina m'maeriya. Munthu amagula laputopu ya kaunjika, amaipereka kwa mnyamata n'kunena kuti, "Achimwene, mundiikiremo zonse zofunika." Mnyamatayo amatulutsa fulashi m'thumba, amaika Windows, Office ndi kapulogalamu kena kophwanyira loko wa laisensi, amayamba wazimitsa pulogalamu yoteteza ku mavairasi kuti kanthuko kalowe, ndipo pasanathe ola amabweza makinawo n'kunena kuti, "Zatheka bwana, ikadzakuvutani mudzabwere nayo." Pakapita miyezi ingapo pamwamba pa Word pamabwera mzere wofiira wochenjeza kuti laisensi yakanika kutsimikizika, mwini wake amautseka m'mawa uliwonse n'kupitiriza ntchito, ndipo m'maganizo mwake Office ndi chinthu chimene chimabwera ndi kompyuta monga kiyibodi. Munthu wotereyu ukamuuza kuti kuli pulogalamu ina imene salipira, amakuyang'ana modabwa, pakuti iye sanalipirepo chiyambire.

Mtengo ulipo ndithu, kungoti sulembedwa pa lisiti. Timapulogalamu tophwanyira loko ndi khomo lodziwika lolowera mavairasi, ndipo makina amene sakulandira zokonza zatsopano amakhala pangozi nthawi zonse pamene alumikizidwa pa intaneti. Fulashi imene yayenda m'makompyuta atatu a mu ofesi n'kubwerako mafoda onse atasanduka njira zachidule zopanda kanthu ndi chinthu chimene mlembi aliyense wa mu Lilongwe amachidziwa. Palinso lamulo, pakuti lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso la 2016 limatetezanso mapulogalamu a pakompyuta, ndipo ofesi ya boma imene ikuyendera makope akuba ikuphwanya lamulo limene boma lomwelo linakhazikitsa. Amene asankha kuyenda m'njira yowongoka akumana ndi phiri lina. Kampaniyi ikukokera makasitomala ake ku Microsoft 365, imene imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka pa mtengo wotsatira ndalama zakunja, m'dziko limene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zomwezo zikulimbiranidwa ndi mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala. Pamwamba pa izi, Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lotsiriza lothandizira Windows 10 mwa nthawi zonse, pamene Windows 11 imakana makina ambiri akale amene alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Makina amene mayiko olemera akuwataya pa chifukwa chimenechi ndi omwewo amene amatsikira m'mashopu athu.

Apa ndi pamene mapulogalamu aufulu akulowera m'nkhaniyi. Maziko ake anaikidwa ndi Richard Stallman, amene anayambitsa ntchito yolemba mapulogalamu aufulu yotchedwa GNU mu 1983 ndi bungwe la Free Software Foundation mu 1985, ndipo mu 1991 Linus Torvalds wa ku Finland anatulutsa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene ikhoza kulowa m'malo mwa Windows. Chimene chimapangitsa pulogalamu kukhala yaufulu ndi laisensi yake, imene imalola munthu kuigwiritsa ntchito pa chilichonse, kuphunzira mmene inalembedwera ndi kuisintha, kugawira ena makope ake, ndiponso kugawa makope amene iye wawakonza. LibreOffice, pulogalamu yaufulu yogwira ntchito yofanana ndi ya Word ndi Excel, imene imayang'aniridwa ndi bungwe la The Document Foundation la ku Berlin, inabadwa mu 2010 pamene anthu amene ankagwira ntchito pa OpenOffice.org anapatuka kampani ya Oracle itagula Sun Microsystems, imene inali mwini wa OpenOffice.org. Kupatuka kumeneko kukuonetsa phindu la laisensi yotere kuposa mafotokozedwe ena onse: mwini wake atasintha ndipo anthu atayamba kukayika za tsogolo, anangotenga ntchito yonse n'kupitiriza, popanda wowaletsa. Kwa ife kuno phindu lake ndi looneka ndi maso. Munthu mmodzi akagula bandulo n'kutsitsa pulogalamuyi kamodzi, akhoza kuiika pa fulashi n'kuizunguliza sukulu yonse, mpingo wonse kapena ofesi yonse popanda kuphwanya lamulo lililonse, ndipo ikangoikidwa siifunanso intaneti kuti igwire ntchito. Linux nayo ili ndi mitundu yopepuka imene imayenda bwino pa makina amene Windows 11 yawakana.

Pali bodza limene limayenda m'maofesi lakuti zinthu zimenezi ndi zachilendo ndipo Amalawi sangazikwanitse. Mzinda uno ndi umboni wotsutsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ntchito imene inadzakhala bungwe la Baobab Health Trust inayamba pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, ndi makompyuta ongodina ndi chala pagalasi olembera odwala, ndipo kapepala ka mizeremizere kamene kanamatidwa m'mabuku a kuchipatala a anthu ambirimbiri kanachokera ku ntchito imeneyo, imene inamangidwa pa mapulogalamu aufulu ndi manja a akatswiri ambiri a Chimalawi. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu yaufulu imene imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia. Foni ya Android imene ili m'thumba la wogulitsa tomato ku msika wa Kawale imayendera pa Linux. Ngati mapulogalamu otere akusunga mbiri ya odwala ndi ziwerengero za dziko, n'zovuta kukhulupirira kuti angalephere kulemba kalata yopempha tchuthi.

Mfundo imene ndimaiona kuti ndi yolemera koposa zonse ndi ya chikumbukiro cha dziko. Ku Zomba, ku nthambi ya boma yosunga zolembedwa zakale, wofufuza akhoza kupempha fayilo ya m'nthawi ya atsamunda n'kuiwerenga ndi maso ake okha, chifukwa pepala silifuna laisensi. Koma kalata imene inalembedwa ku Capital Hill m'zaka za m'ma 1990 pa WordPerfect n'kusungidwa pa disiketi, ngati palibe amene anaisindikiza, lero imafuna makina amene sapezekanso ndi munthu wodziwa kuitembenuza, ndipo si nthawi zonse pamene imatuluka monga inalowera. Zikalata za boma zimakhala ndi moyo wautali kuposa mapulogalamu ndi makampani amene amawapanga. Nkhani ya malo ikhoza kudzuka patapita zaka 40, mlandu wa ufumu umafunsa zimene zinalembedwa agogo a odandaula ali moyo, ndipo mphunzitsi amene wayamba ntchito chaka chino adzafuna umboni wa zaka zake zonse pa tsiku lokatenga penshoni. Zonsezi tsopano zikulembedwa pa kompyuta, ndipo zambiri sizifikanso papepala. Pa zolembedwa zimene zatha ndipo zikungofunika kusungidwa pali PDF/A, muyezo wa ISO 19005 wa mu 2005, umene umalamula kuti zilembo zonse zikhale mkati mwa fayilo yomweyo kuti idzaoneke chimodzimodzi nthawi ina iliyonse. Kusunga kalata mu mtundu umenewu ndi nkhani yochonga kabokosi kamodzi, koma kabokosiko sachonga munthu amene sanauzidwe kuti kalipo.

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020 moyang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission, likulowanso pamenepa. Ufulu wolandira chikalata umakhala wopunduka ngati chikalatacho chafika mu mtundu umene wolandirayo sangautsekule popanda kugula kapena kuba pulogalamu. Palinso chizolowezi china chimene chimapha lamuloli mwaulemu, chosindikiza tebulo la manambala papepala, kulijambula pa sikana, n'kulitulutsa ngati chithunzi mkati mwa PDF. Mtolankhani kapena membala wa komiti ya chitukuko amene akufuna kuwonkhetsa ndalama zimene khonsolo yagwiritsa ntchito amayenera kutayipanso nambala iliyonse pamanja, ndipo ambiri amangogwa ulesi. Manambala a boma ayenera kutuluka mu .ods kapena .csv, mitundu imene pulogalamu iliyonse yowerengera imaitsekula, kuti amene akufuna kufufuza afufuze. Ofesi imene ikukana kuchita zimenezi pamene fayilo yoyambirira ili pa kompyuta yake yomwe ikudzipatsa yokha mbiri yoti ili ndi chobisa, ngakhale itakhala kuti ilibe.

Otsutsa ali ndi mfundo zoona, ndipo kuzinyoza ndi kumene kwagwetsa ntchito zambiri zotere. Yoyamba ndi ya maonekedwe a chikalata. Mtsikana amalemba mbiri yake ya masamba awiri pa laputopu ya mlongo wake, amapita nayo pamalo osindikizira pafupi ndi depoti, fayilo ikatsekulidwa tebulo lathawira tsamba lachitatu ndipo dzina la womuchitira umboni latsala lokha pamwamba. Wotayipa amapukusa mutu n'kunena kuti, "Asisi, fayilo yanuyi ndi yowonongeka, bwanji tingoitayipanso?" ndipo mtsikanayo amalipira pa tsamba lililonse ntchito imene anaimaliza kale. Kawirikawiri fayiloyo siinawonongeke konse. Chimene chachitika n'chakuti kompyuta yachiwiriyo ilibe mtundu wa zilembo umene unagwiritsidwa ntchito pa yoyamba, ndipo yalowetsapo wina wotambalala pang'ono. Izi zimachitika ngakhale pakati pa Word yakale ndi Word yatsopano. Mankhwala ake alipo: zilembo zaufulu za Carlito zinapangidwa kuti zitenge malo ofanana ndendende ndi Calibri, Caladea ndi Cambria, ndipo banja la Liberation limalowa m'malo mwa Arial ndi Times New Roman; koposa zonse, chikalata chimene chatha ndipo chikungopita kosindikiza kapena kwa bwana wolemba ntchito chiyenera kuchoka pakhomo chili PDF.

Mfundo yachiwiri ndi ya akauntanti amene kwa zaka zambiri anamanga mafomu a Excel odzaza ndi timalamulo todziyendera tokha, timene sitisamuka bwinobwino kupita ku pulogalamu ina. Amenewa asakakamizidwe. Mzinda wa Munich ku Germany unasamutsa makompyuta pafupifupi 15,000 kupita ku Linux pofika mu 2013, koma mu 2017 khonsolo yake inavota kuti ibwerere ku Windows, pakati pa madandaulo a ogwira ntchito ndi kusintha kwa ndale za mumzindawo. Mbali inayi, boma la chigawo cha Schleswig-Holstein m'dziko lomwelo linalengeza mu 2024 kuti likusamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux, ndipo apolisi a Gendarmerie ku France akhala pa njira imeneyi kuyambira m'ma 2005, atayamba ndi pulogalamu ya mu ofesi asanakhudze zina. Walira mvula walira matope: kusamuka kumafuna maphunziro, anthu othandiza pamene zavuta, ndi ndalama m'zaka zoyambirira, ndipo amene amalonjeza kuti zonse zichitika popanda kuwononga tambala akunamiza anthu. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama za maphunziro ndi chithandizo zikhoza kulipidwa mu kwacha kwa akatswiri a konkuno.

N'chifukwa chake ndikuti boma liyambe ndi lamulo la mtundu wa fayilo, nkhani ya pulogalamu iziyenda pang'onopang'ono pambuyo pake. Boma la United Kingdom linachita chimodzimodzi mu Julaye 2014 pamene linasankha ODF pa zikalata zimene anthu akugwirira limodzi ntchito, ndi PDF/A kapena HTML, mtundu wa masamba a pa intaneti, pa zongowerenga, popanda kulamula aliyense pulogalamu yoti agwiritse ntchito. South Africa inaika ODF m'miyezo yake ya boma mu 2007. Kalata imodzi yochokera ku ofesi ya Mlembi Wamkulu wa boma, yokonzedwa mothandizana ndi nthambi ya E-Government, ikhoza kunena kuti ofesi iliyonse izilandira .odt, .ods ndi PDF kuchokera kwa nzika, ndiponso kuti fomu iliyonse yoti munthu alembemo izipezeka mu ODF. Kalata yotere siifuna dola ngakhale imodzi. Imafuna munthu woitsatira, pakuti malamulo ogona m'madirowa tili nawo kale okwanira.

Nanga anthu adziwa bwanji? Padziko lonse pali masiku awiri okumbukira nkhaniyi: Document Freedom Day, limene linayamba mu 2008 ndipo limachitika Lachitatu lomaliza la mwezi wa Malichi, ndi Software Freedom Day, limene linayamba mu 2004 ndipo limachitika Loweruka lachitatu la mwezi wa Seputembala. Masikuwa ndi abwino ndipo malo okumanira okonda luso la makompyuta ngati mHub kapena makalabu a ophunzira a ku Bunda akhoza kuwagwiritsa ntchito, koma amene amabwera ku zochitika zotere ndi otembenuka kale. Choopsa china, chimene tonse tikuchidziwa, n'chakuti nkhaniyi ikagwera m'manja mwa okonda misonkhano idzathera ku hotela ya kunyanja ku Salima, ndi zikwangwani, matisheti ndi ma alawansi, anthu n'kubwerera Lolemba kukatsekula Word yakuba yomwe ija. Mtundu wa fayilo m'dziko muno sasankha ndi mabwana. Amasankha ndi mnyamata wa fulashi uja, wotayipa wa pamalo osindikizira, mlembi wa mu ofesi ndi mphunzitsi wa kompyuta, ndipo uthenga ukalambalala anthu amenewa sufika kulikonse.

Mnyamata wokonza makompyuta safuna ulaliki wa ufulu. Akufuna kudziwa ngati bizinesi yake ipindula. Aonetsedwe kuti makina amene waikamo LibreOffice sabwereranso ndi mzere wofiira, kuti laputopu yakale imene kasitomala anaitaya mtima ikhoza kudzukanso ndi Linux yopepuka n'kugulitsidwa, ndiponso kuti akhoza kulipiritsa ntchito yoika, kuphunzitsa ndi kukonza popanda mantha alionse, pakuti laisensi yaufulu siiletsa munthu kudyerapo thukuta lake. Wotayipa aphunzitsidwe za zilembo zija ndi za PDF, ndipo pa kompyuta yake pakhale mapulogalamu onse awiri kuti kasitomala wobwera ndi .odt asabwezedwe. Maphunziro otere ndi a masana amodzi, ndipo mabungwe ngati TEVETA ndi ICTAM, bungwe la akatswiri a za makompyuta m'dziko muno, ali ndi njira zofikira anthu amenewa. Wailesi nayo ili ndi gawo lake, makamaka m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina za m'dziko muno, chifukwa uthenga wakuti "tumizani ngati PDF" kapena "kope limeneli mukhoza kugawira mnzanu mwalamulo" ndi waufupi mokwanira kulowa m'pulogalamu ya mphindi zisanu.

Kusukulu ndi kumene kuli muzu. Mwana amene akuphunzira kompyuta pokonzekera mayeso a MSCE ayenera kuphunzira luso lolemba ndi kusanja chikalata, kupanga tebulo ndi kuwerengetsa manambala, luso limene angalinyamule kupita nalo pa pulogalamu iliyonse. Akangoloweza kuti batani lakutilakuti lili pakona yakutiyakuti, chidziwitso chake chimatha tsiku limene kampani yasuntha batanilo, ndipo makampani amasuntha mabatani kawirikawiri. Okonza silabasi ku Domasi ndi okonza mayeso ku MANEB akhoza kuonetsetsa kuti mafunso akufunsa luso m'malo mwa dzina la malonda, ndipo sukulu ya CDSS imene yalandira makompyuta khumi a mphatso isamasowe tulo ndi malaisensi. Olemba anthu ntchito nawonso asiye kulemba dzina la kampani pamene akutanthauza luso lolemba ndi kuwerengetsa pa kompyuta.

Pali phindu lina limene ife olemba Chichewa tiyenera kuliona msanga. Aliyense amene analembapo chilankhulochi pa kompyuta amadziwa mizere yofiira imene imadzaza tsamba lonse, ngati kuti mawu aliwonse ndi olakwika. LibreOffice ndi Firefox zimagwiritsa ntchito chida chaufulu chotchedwa Hunspell, chimene chinapangidwira chilankhulo cha ku Hungary, chilankhulo chimene monga chathu chimamanga mawu aatali polumikiza aphatikiri ambiri ku tsinde limodzi. Chida chimenechi chimangofuna mndandanda wa mawu ndi malamulo a kalumikizidwe kake, ndipo aliyense ali ndi ufulu wolemba ndi kugawa zimenezi. Akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba, aphunzitsi a Chichewa ndi ophunzira a za makompyuta akhoza kuigwira ntchitoyi ndi kuikulitsa chaka ndi chaka, n'kuchitanso chimodzimodzi pa Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, popanda kudikira kuti kampani ya kunja idzaone phindu pa msika wathu waung'onowu.

Malo otsiriza amene uthengawu uyenera kufika ndi m'makomiti ogula katundu ndi ntchito za boma, chifukwa kumeneko ndi kumene maloko akuluakulu amakhomedwa. Unduna kapena khonsolo ikalemba kampani kuti ipange dongosolo losungira za malo, za misonkho kapena za ogwira ntchito, mgwirizanowo uyenera kunena momveka kuti zonse zosungidwamo ndi za boma, kuti zizitha kutulutsidwa nthawi iliyonse mu mtundu wotseguka umene tsatanetsatane wake waperekedwa, ndiponso kuti pulogalamu yolembedwa ndi ndalama za misonkho iperekedwe pamodzi ndi malemba ake a mkati kuti katswiri wina adzathe kuipitiriza mgwirizano ukadzatha kapena ukadzasokonekera. Bungwe la PPDA, limene limayang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, likhoza kuika mawu amenewa m'mafomu ake a nthawi zonse kuti ofesi iliyonse isamachite kuwaganizira yokha. Ndipo mkulu woyang'anira ntchitoyo asasayinire malipiro omaliza kufikira ataona ndi maso ake zosungidwazo zitatulutsidwa n'kutsekulidwa pa kompyuta ina imene ilibe pulogalamu ya kampaniyo.